Thanga la Matumba pa Luangwa

Sendelani pafupi, ana inu, khalani pa matumba apa. Lichelo ndi limodzi, ndipo nshawa izi sizidziswa zokha. Iwe Tisa, ndakhala ndikukuona. Chifikile pano pa holide sunatolepo kanthu m'mbale imene ndagwila ine. Dzulo ndinakupatsa chitumbuwa, iwe unazungulila kuseli kwa bafa n'kukapatsa galu. Galuyo akuthokoza. Usagwetse nkhope, sunalakwe. Ndidziwa zimene anakuuzani amai anu musanakwele minibasi kuchoka ku Nyampande: kuti Ambuye a ku Nyimba sanasudzulidwe, ali ndi chiwanda, musadye nawo mbale imodzi. Amai anuwo tinakulila nyumba imodzi, tinkalimbilana mkute m'mawa, ndipo mantha awo ndimawadziwa kuyambila pamene ankathawa nkhuku yofungatila. Tsono lelo mumve kwa mwini wake.

Mumaseka mukamanditchula ambuye, chifukwa imvi ndilibe ndipo mpila ndikali kuumenya bwino kuposa atate anu. Sindinachite kusankha. Ndine womaliza m'mimba mwa amai anga. Pamene ndinkabadwa, alongo anga aakulu, ambuye anu aakazi aja, anali kale ndi mwana kumsana. Choncho uambuye unandipeza ndisanamele ndevu. Kale langa si lakale kwenikweni, komabe ndinaona zimene inu simudzaona. Ndinapitapo ku chipatala cha Minga pa ngolo ya ng'ombe, nditagona pa mphasa ndi malungo, tsiku lathunthu panjila imene lelo njinga yamoto imadutsa musanamalize kutafuna nzimbe. Ndinayanikapo mabatile a wailesi padzuwa kuti timveko mpila. Inu foni ikangotsala pang'ono kuzima mumalila ngati mwalumidwa ndi chinkhanila. Koma lelo sindinena za ngolo. Ndinena za boti, ndi za ambuye anu a Luwiza, amene ena a inu mukumbuka chabe kuti ankakusokelani mayunifomu. Ine ndimutchula Luwiza, monga ndinkamutchulila. Inu musayese.

Ndinakumana naye chaka chimene ndinachoka ku koleji n'kutumizidwa kudzaphunzitsa kuno. Inali nyengo yokolola, mseu wonse ukununkhila nshawa zatsopano. Ndinali ndi buluku limodzi labwino, koma linali lalitali, lokokela fumbi. Ndinapita nalo pamsika, pamene iye ndi mnzake Esinati anali ndi makina awo osokela pakhonde la sitolo. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi, nati, "Aphunzitsi, mwini wake wa buluku ili adziwa kuti mwabwela kulidula?" Sabata yotsatila ndinabwelelanso ndi malaya amene analibe vuto lililonse. Batani ndinachita kudula ndekha panjila.

Luwiza anabadwila mu msasa wa othawa nkhondo ku Petauke kwathu kuno. Makolo ake anachokela ku Mozambiki, pafupi ndi Zumbo, kumene Luangwa amathila mu Zambezi. Nkhondo itatha ena anabwelela. Iwo anatsala, analima kuno, anaikidwa kuno. Kwawoko iye sanakuoneko. Ankangodziwa zimene amai ake ankasimba: phili kuseli kwa mudzi, masau ochuluka mpaka mbuzi kutopa nawo, ndi maboti a pa Zambezi oyenda ndi nsalu yogwila mphepo, imene amati thanga. Ndinamuuza kangapo kuti minibasi ilipo, tikhoza kufika ku Feira tsiku lomwelo n'kuyang'ana tsidya linalo mpaka maso kutopa. Ankakana. "Amai anachoka pamadzi," ankatelo. "Ine ndidzafika pamadzi."

Dzinja lina anayamba kusonkhanitsa matumba a feteleza. Ankawachapa, kuwatumbula, n'kuwalumikiza pa makina, iye ndi Esinati, mvula ikamagwa pamsika popanda wobweletsa nsalu. Singano zinathyoka zambili. Pa Luangwa palibe amene amayenda ndi thanga, ana inu. Anthu amapalasa ndi nkhafi kapena kukankha ndi nsungwi, ndipo opeza bwino masiku ano ali ndi injini. Koma iye anafuna thanga. Tinapangana anthu asanu kuti sukulu ikadzatseka mu Ogasiti, mphepo itayamba ndi dzuwa litayamba kupsa, tidzatsike mtsinje kuchoka pa mlatho wa Luangwa, dooko ndi dooko, mpaka ku Feira. Panali ife awili. Panali Esinati. Panali Pitala, amene ndinaphunzila naye ku pulaimale, mwini boti logulila nsomba m'madooko a asodzi. Ndiye panali Mulenga, Mubemba amene timaphunzitsa naye, uja amakutchulani tumbewa.

Luwiza anamwalila chimanga chisanaume m'munda. Za matenda ake sindinena, ndipo musandifunse.

Tsono mvetsani za kusudzula, chifukwa inu mumangomva dzina lake. Mkazi akafa, amati mzimu wake umatsalila pa mwamuna, monga utsi umatsalila m'malaya. Ndicho chiwanda chimene amai anu aopa. Pakapita miyezi, akuchikazi amaitana wamasiyeyo. Amamumeta. Kale ankameta ndi lumo losula, lumo likasowa ankaswa botolo, ndipo ndinaonapo amalume anga akutuluka pamwambo wotele mutu uli ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe zosaphunzila. Inu a ku babashopu simungazidziwe. Akamumeta amamupaka ufa pamphumi, kenaka nkhoswe imanena mawu pamaso pa anthu: takumasula, mwana wathu tamutenga, iwe pita ukakwatile kumene ufuna. Akatelo zatha. Amene anali alamu ako amasanduka anthu wamba okupatsa moni pamsika.

Ena amaliyembekeza tsikulo, ndipo sindiwanena. Koma ine ndi Luwiza tinalibe mwana. Makina ake osokela anatenga abale ake, ndipo sindinakane. Zovala anagawana. Chinatsala ndi thanga, chifukwa palibe amene anaona ntchito ya matumba olumikiza. Akanandinenela mawu aja, sipakanatsala kanthu pa dziko pano konena kuti ndinali mwamuna wake.

Nkhoswe yake inali a Domingo, alongo ake aakulu. Anabwela pano pa njinga mwezi wozizila, nakhala pa mpando uwo. Chichokele pa malilo anali atasiya kunditchula alamu. Ankati aphunzitsi.

"Aphunzitsi, sukulu ikatseka mubwele kumudzi timalize mwambo. Onani tsitsi ili. Ana a sukulu sakuthawani?"

"Sukulu ikatseka ndili ndi ulendo."

"Ulendo wa pamadzi uja? Simungakwele boti inu. Mwanyamula mlongo wanga."

"Ndamunyamula zoona?"

"Aliyense adziwa."

"Ndiye zili bwino," ndinatelo. "Ulendo unali wake. Ngati ali pa ine, tipitila limodzi. Malo ake m'boti akalimo."

A Domingo anakwela njinga yawo. Tiyi sanamalize.

Mwina mukuganiza kuti ndinakana chifukwa cha sukulu. Ku koleji anatiphunzitsa kuti ziwanda kulibe, ndipo ku tchalitchi amanenanso chimodzimodzi. Koma ine sindinapite pa Luangwa kukatsimikiza za ku koleji. Nthawi imeneyo ndinkafuna ndi mtima wonse kuti a kumudzi akhale olondola.

Sukulu itatseka tinakwela minibasi pano pa Nyimba, thanga litakulungidwa ngati mphasa pamwamba. Tinadutsa mapili a Kacholola, makutu akutseka potsika, mpaka pa mlatho, pamene pali msika wa nsomba zouma ndi madengu. Pitala anali atazika kale nsungwi yaikulu pakati pa boti kuti ikhale mlongoti. Titakweza thanga, theka la msika linatsikila kugombe kudzaseka. Malemba a feteleza anali kuoneka onse, ena chadodolido. Amai ena ogulitsa nsomba anafunsa ngati tsopano feteleza ayamba kugawilanso ng'ona.

Mulenga anafika atavala chubu cha galimoto m'chiuno. Abemba amadzitama kuti ndi anthu a kunyanja, koma uyu anakulila ku migodi, ndipo madzi amene amawadziwa ndi a pa mpopi. Mudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timatukwanana popanda mlandu, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo pa malilo ndiwo amaloledwa kunena zimene wina aliyense sanganene. Pa malilo a Luwiza, Mulenga ndiye analowa m'manda kulandila bokosi. Chichokele tsikulo anthu onse ankandiyankhula monong'ona, ngati ndine dzila losweka. Iye yekha ankanditukwana monga kale.

"Iwe wodya mbewa," anatelo pokwela, "uwauze madamu akhale pakati, boti isapendeke."

Esinati anamumenya ndi mthiko. Pitala sanaseke. Anavomela ulendowu chifukwa analonjeza Luwiza ali moyo, koma ndinaona kuti wamangilila kanthu kakuda, kokulunga m'kansalu, kumutu kwa boti. Sindinamufunse.

Mphepo ya Ogasiti inabwela monga Luwiza ananenela, koma inachokela kutsogolo. Mtsinje upita kumwela, mphepo ichokela kumwela. Palibe mmodzi wa ife, ndi koleji yanga yomwe, amene anaziganizila. Thanga linayamba kutikankha kubwelela ku mlatho, anthu a pamsika akuomba m'manja. Tinalitsitsa, tinagwila nkhafi. Manja anga a choko anatuluka matuza dzuwa lisanafike pamutu. Madzi anali ochepa malo ambili, ndiye tinkatsika n'kumakoka boti pamchenga, Mulenga akukoka ndi dzanja limodzi, linalo litagwila chubu.

Komabe anali masiku abwino, ndipo sindichita manyazi kunena. Pa madooko oyamba anatilandila ngati alendo a ukwati. Tinadya nsomba zimene zinali zamoyo pamene moto unkayatsidwa. Tinadya masau a mumtengo. Inu mumadziwa masau ouma a pamsika, otafuna ngati chikopa. A kuchigwa ali aawisi amakuwawasa kaye m'masaya kenaka n'kutsekemela, ndipo sungaleke mpaka mano atakana. Mulenga anadya ochuluka kotelo kuti tsiku lotsatila tinaima pa mchenga uliwonse.

Kuyambila pa mlatho, gombe la kumanzele ndi Mozambiki. Silisiyana ndi la kumanja. Mabango omwewo, mbuzi zomwezo, azimai ochapa omwewo. Tsiku lina foni ya Esinati inalila m'chikwama. Unali uthenga wa Chipwitikizi, wa kampani ya mafoni ya tsidya lija, wotilandila m'dziko lawo. Esinati anauwelenga mokweza, mawu amene sankawamva. Kenaka anatembenuzila foniyo kwa ine, pambali pang'ono pa phewa langa, monga mmene umaonetsela munthu amene wakhala kumbuyo kwa mnzake. Tinapalasa.

Koma mafoni omwewo anali atatitsogolela kale. Pa dooko lina la pansi pa mkuyu waukulu, pamene Pitala amagula nsomba zake zambili, tinapeza anthu ataimilila. Azimai otunga madzi ananyamula ndowa zosadzaza n'kukwela kumtunda. Bambo wina amene ankasoka ukonde analowa m'madzi mpaka m'maondo, nagwila mutu wa boti.

"A Pitala, inu tikudziwani. Wa tsitsi ni uyu?"

"Ndine," ndinatelo.

"Pepani na malilo, bambo. Koma pano musaponde. Alamu anu anatuma foni. Maukonde athu ali m'madzi, ana athu asamba pano."

"Sindiponda."

"Enawa atsike, adye."

Esinati anali ataimilila kale ndi poto m'manja. Anakhalanso pansi.

"Ine nizadyela muno," anatelo. "Tabwela asanu."

Bamboyo anatiwelenga ndi maso, napeza anayi, nasiya boti msangamsanga.

Tinadya mbatata zozizila, boti titalimanga pa mchenga wa pakati pa madzi. Pitala yekha anawoloka kukayankhula nawo. Anabwelako nkhope itauma. Anali atamuuza kuti boti lonyamula chiwanda silidzanyamulanso nsomba za pa dooko lawo.

M'mawa mwake, pokhota mtsinje pamene madzi ndi akuya, mvuu inatuluka pansi pathu. Sinalume. Inangonyamula kumbuyo kwa boti ndi msana n'kulisiya, monga mmene munthu amasunthila mpando umene uli panjila. Madzi analowa, poto anapita, Mulenga anaitana amai ake m'Chibemba. Pitala anapalasa osayang'ana munthu mpaka boti linagunda mchenga wa ku Zambia.

"Mwanza, tsika," anandiuza Pitala.

Sindinasunthe.

"Zaka zonse nipita pano, mvuu iyi siinanigundepo. Mseu uli pafupi, kuseli kwa mitengo iyo. Ukwele minibasi, tizakumana ku Feira."

"Minibasi sindikwela."

"Nili na ana ine, Mwanza."

"Pitala," anatelo Mulenga, madzi akali kudontha pachubu, "madamu aja anali kuniitana ine kuti nibwele niphe nkhuku, iwo atseka maso. Manje lelo ayamba kutuma mvuu?"

"Iwe nyani khala chete. Si iwe uzagula nsomba pa dooko paja."

Sindinamutsutse Pitala, ndipo inunso musamuweluze. Boti ndi lake, ana ndi ake. Ndinamasula thanga pa mlongoti, ndinalikulunga, ndinaliika paphewa, ndinatsika. Koma kumseu sindinapite. Ndinatsata madzi.

Mchenga wa Luangwa masana umaotcha kudutsa nsapato. Thanga linali litanyowa, lolemela ngati mwana wa ng'ombe. Ndinadutsa pa mapazi a njovu, aakulu ngati lichelo ili, ndowe zake zikali zaziwisi. Sindinathamange ndipo sindinacheuke. Koma boti ndinkalimva pambali panga, chifukwa Esinati ndi Mulenga anaika nkhafi pansi, ndipo boti losapalasa limayenda monga munthu wapansi. Tinayenda motelo, ine pamchenga, iwo pamadzi, ngati anthu okangana amene akupita ku tchalitchi chimodzi.

Ndinamva Esinati akuuza Pitala kuti, "Ukafika ku Nyimba ukanene wekha kuti unasiya wamasiye pa njila ya njovu. Ine sinizakuthandiza kunena."

Kenaka munthu wina tsidya la Mozambiki, amene ankamwetsa ng'ombe, anaika manja kukamwa n'kufunsa kudutsa mtsinje wonse kuti boti lili ndi malo, nanga uyo ayendelanji pansi. Anafunsanso kachiwili. Pamtsinje pali lamulo lina, ana inu, lakale ngati la chiwanda lomwe: munthu amene unamunyamula sumusiya pamchenga. Malamulo awiliwo anamugwila Pitala uku ndi uku, ndipo ndinamusiya asankhe yekha.

Boti linagunda mchenga patsogolo panga.

"Kwela," anatelo, akuyang'ana kumbali. "Koma mukhale kutsogolo. Mvuu ikabwelanso iyambile inu awili."

Madzulo a tsiku lomwelo mtsinje unakhota, ndipo mphepo inatipeza kumbuyo. Musati chinali chizindikilo. Mtsinje unakhota, basi. Tinakweza thanga. Linagwedezeka, linalila ngati matumba amalila, kenaka linafufuma lonse nthawi imodzi, nsungwi n'kuwelama. Boti linayamba kuyenda lokha. Tinaika nkhafi pansi. Madzi ankamveka akung'ambika kumutu kwa boti, ndipo ana a m'midzi ya mbali zonse ziwili ankathamanga m'gombe kutitsatila. Msoko uliwonse unagwila. Esinati anayendetsa chala pa msoko wina, nati, "Uyu ni wake. Anali kubweleza kawili." Ine ndinayang'ana m'madzi mpaka mtsinje unakhotanso.

Pamene tinkafika ku Feira, a Domingo anali atakhala pa bwato logadabuza pa dooko, kapulasitiki kali pamwendo. Iwo anabwela pa minibasi. Nsapato zawo zinali fumbi lokhalokha ndipo maso anali ofiila.

"Mwafika, aphunzitsi."

"Tafika."

"Mwana wanga wamng'ono adwala chichokele inu. Kumudzi akuti ni mlongo wanga, azungulila, alibe pokhala. Nabwela na lezala na ufa. Timalize pano pamene."

Sanabwele ngati mdani. Anabwela ngati munthu amene mudzi wonse wamukankha kumsana.

"Ulendo sunathe, alamu," ndinatelo. "Anafuna kuona kwawo. Kwawo ndi uko. Kwelani."

"Boti imodzi na inu?"

"Ndi mlongo wanu. Simunamuopepo ali moyo."

"Ninali kumuopa," anatelo a Domingo.

Esinati anaseka mpaka kugwila mlongoti. A Domingo anayang'ana madzi, anayang'ana thanga, kenaka anavula nsapato, nazimanga pamodzi ndi zingwe zake, nakwela.

Pitala anatipititsa pakati, pamene madzi ofiilila a Luangwa amayenda pambali pa madzi obiliwila a Zambezi asanasakanikilane. Tsidya sitinaponde, chifukwa mapepala owolokela tinalibe. Koma Zumbo anali apo, nyumba zake zikuoneka, ndi phili kuseli kwake. A Domingo anachokako ali kamwana koyenda kogwila chitenje cha amai ake. Analiyang'ana phililo nthawi yaitali.

"Ninali kuganiza ni lalikulu," anatelo.

Kenaka anatulutsa lezala. Ndinawelamitsa mutu. Ananyowetsa tsitsi ndi madzi a mumtsinje n'kuyamba kumeta, mosamala, chala chimodzi chitagwila khutu langa. Tsitsi lina linagwela m'boti, lina m'madzi. Atamaliza anamasula kapulasitiki ka ufa, naviika chala, nakonza pakhosi kuti anene mawu aja. Ndinawagwila dzanja.

"Tsitsi mwatenga, alamu. Kumudzi akaona okha kuti mwandimeta. Mlongo wanu mwamufikitsa kwawo, sazungulilanso. Koma mawu aja musanene."

"Ndinu mwana, aphunzitsi. Muzakhala so mpaka liti?"

"Tsiku limene ndidzafune, ndidzabwela ndekha ndi mapazi anga kudzapempha. Lelo ayi."

"Mwambo sulekezela pakati."

"Uwu ulekezela."

Sindinakweze mawu, ndipo dzanja lawo sindinalisiye. Pitala anagwila boti ndi nkhafi kuti madzi asatitenge. A Domingo anayang'ana ufa, anayang'ana phili. Kenaka anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, nawelamila mbali ya ku Zumbo, nayamba kuthila ufa uja m'madzi. Anatchula dzina la amai awo. Anatchula la atate awo. Anatchula la Luwiza. Ufa unayandama, mzele woyela, ndipo Zambezi anautenga kulowa nawo ku Mozambiki.

Anapukuta manja pa buluku. Anavula chipewa chawo n'kundiveka.

"Tiyeni tibwelele, alamu," anatelo. "Mutu uzapsa na dzuwa."

Mwana wawo uja anachila. Anali malungo, ndipo anapita naye kuchipatala. Kumudzi ena amati unali ufa uja. Sindikangana nawo. Pitala anasiya kugula pa dooko la pa mkuyu miyezi ingapo, kenaka nsomba zitachuluka a pa dookolo omwewo anamuimbila foni.

Ndiye amai anu sananame, ana inu. Anandimeta, koma sindinasudzulidwe. Mukabwelela ku Nyampande akakufunsani, mukawauze choncho osachotsapo kanthu. Mukawonjeze kuti a Domingo akabwela kuno kudzagulitsa mbewu zawo amadya pano, mbale imodzi ndi ine, ndipo ndiwo amamaliza ndiwo. Mukawauzenso kuti tsiku lopempha mawu aja ndidzasankha ine. Amene ali ndi changu adikile.

Mukufunsa kumene kuli thanga? Luwiza sankakonda chinthu chongokhala osagwila ntchito. Ndi limene mwakhalapoli, limene tayanikapo nshawa. Iwe Tisa, usanyamuke, wakhalapo kuyambila m'mawa ndipo miyendo ikali iwili. Yang'ana msoko uwo pafupi ndi bondo lako, wobwelezedwa kawili. Waona? Tsono nshawa izi zili m'dzanja langa, ndaswa ndekha. Ukafuna tola. Ukapanda kufuna, galu ali apo.